Mjigo wa pa Katope

Padatero, ndipo si kale ayi. Ambiri amene adaziona ndi maso akadali ndi moyo, kungoti sakonda kuzikamba.

Kuseri kwa Mponela kuli mudzi wotchedwa Kanjobvu. Chaka chimenecho zitsime zidauma chimanga chisanalowe n'komwe m'nkhokwe. Akazi ankalawirira kukafukula mchenga kumtsinje wa eni ake, n'kumabwerako dzuwa lili paliwombo, ndowa yosadzaza, madzi ake ofiira ngati katondo.

M'mudzimo mudali mkazi dzina lake Elufe, kumfunda Namwale. Mayi ake adamwalira iye akukwawa, ndiye adakulira m'manja mwa mayi ake aakulu, aNachisale. Anthu ena akakulera amaiwala. ANachisale ayi. Phala lililonse limene adamumwetsa ankalikumbukira ngati ladzulo, ndipo Elufe akati atsegule pakamwa kuti akane kanthu, iwo ankangogwira m'chiuno n'kunena kuti, "Msana udakuberekawu ukupweteka mpaka lero." Basi, nkhani yathera pomwepo.

Mwamuna wa Elufe adali Filimoni, aMbewe, wa ku Kasungu, wokhala chikamwini. Adaphunzira za miyala ndi za madzi apansi panthaka, ndipo ankagwira ntchito pakampani ina yokumba mijigo. Kuntchito ankamupatsa ulemu. Kumudzi adali mkamwini wa manja ofewa, wosatha kuluka nkhokwe, ndipo choposa zonse, wopanda mwana. "Tambala wobwereka timamudziwira anapiye," ankatero aNachisale mokweza, akupeta pakhonde, mwini wake akumva.

Komatu mwana adaalipo. Kapena tinene kuti padali kanthu. Dzinja la dzana Elufe adabereka mwana wozizira kale. Wotereyu timati nthayo, ndipo mwambo wake ndi uwu: salira maliro, sapereka dzina, satchula. Amakaika akazi okhaokha, kudambo, m'kadzenje kofika m'chigongono, chifukwa dzenje likazama ndiye kuti mwakwirira ndi mimba ya mayi wake yomwe, sadzaberekanso. Mwamuna sauzidwa malo ake. ANachisale ndi amayi ena adakagoneka kanthuko patsinde pa mtengo wa katope, m'mphepete mwa dambo, Elufe ali nawo, akuyenda chogwiriziza. Pobwerera adamuuza kuti, "Pamene paja usadzapondepo. Ndipo mwamuna wako akadzadziwa malowo, wotsatira adzalondola mnzake."

Tsono chaka cha ludzuchi Elufe adali ndi pakati penanso, pamsinkhu woti chitenje chayamba kukwera. Ndi chaka chomwecho Filimoni adanyengerera mabwana ake kuti mjigo umodzi mwa imene bungwe lina lidapereka ugwere ku Kanjobvu. Ankafuna kuti apongozi ake, kamodzi kokha, amutchule dzina popanda kutsonya.

Adabwera Loweruka ndi mkulu wake wa kuntchito, a Kaphwiti, bambo wa imvi, wamimba yake, wophunzira mpaka kunja. Zida zawo zidali kabokosi koyendera batire, mawaya aataliatali ndi zikhomo zachitsulo. Ankakhoma zikhomozo mondanda, kumangirira mawaya, kabokosi n'kumalavula manambala, Filimoni n'kumajambula mizere papepala. Adayeza kuseri kwa tchalitchi, adayeza pabwalo la mpira, akungopukusa mutu. Dzuwa litapendeka mawaya aja adatsetserekera kudambo. Elufe ankaonerera ali pakhonde, chikhomo ndi chikhomo chikusendera kumtengo uja. Kenaka adamva mwamuna wake akufuula mokondwa, n'kumuona akukhoma chikhomo chamtengo chopaka utoto wofiira patsinde penipeni pa katope.

M'mimba mwa Elufe mwana adatembenuka.

Filimoni adamuitana kuti abweretse thobwa. Elufe adapita nalo, koma adaima padzuwa, patali ndi mthunzi wa mtengowo.

"Fika pamthunzi pano, Namwale."

"Ndili bwino pompano, aMbewe."

Filimoni adabwera yekha ndi pepala lake, nkhope ikuwala ngati mwana wakhoza mayeso. "Taona. Pamwambapa ndi dothi. Pansi pake ndi mwala wowola. Apa pamene mzere wagwapa, mwala udang'ambika, ndipo mumng'alumo muli madzi."

"Mwawaona?"

"Si awa?"

A Kaphwiti adaseka, thobwa lili m'ndevu. "Mlamu, asakunamizeni mwamuna wanuyu. Kabokosika sikaona madzi. Kamangotiuza kuti apa magetsi adutsa mosavuta, apa adutsa movutikira. Mwala wowolawo, mng'aluwo, timajambula ndife. Pansipo palibe adafikapo."

"Nanga bwanji tikakumba madzi amatuluka?" adatero Filimoni. "Chithunzi chabodza chingamalondole madzi chaka ndi chaka, mudzi ndi mudzi? Ndiye kuti ndi matsenga amenewo. Chimalondola chifukwa zimene tajambulazo ndi zimene zilipo."

"Aphunzitsi anga ankajambula mosiyana ndi iwe, madzi ankatuluka. Lero timawaseka. Ana ako adzajambula mwina, adzakuseka iwe, madzi adzatulukabe. Ine zoti pansipo pali chiyani ndidasiya kufunsa. Chithunzi chili ngati khasu, umangoona ngati likulima."

Pa mawu oti ana ako, Filimoni adapinda pepala lake. Elufe adatola zikho n'kubwerera.

Sadapite kunyumba kwake, adalunjika kwa aNachisale. Mudziwe kuti nyumba ya aNachisale ndiyo idali yoyandikira kwambiri kudamboko, moti mjigo ukadakhala ngati wapakhomo pawo. Adawapeza akutongola chimanga, ndipo nkhani idali itawafika kale.

"Wamva? Tambala wobwereka uja walira lero. Miyendo yangayi ipumako."

"Amayi, pajatu..."

"Paja pati?"

"Mukudziwa, amayi."

"Ndikudziwa kuti pali mtengo. Nthayo si munthu, Namwale. Ndidakuuza tsiku lomwe lija."

"Ngati si munthu, bwanji mudandiletsa kupondapo? Bwanji dzenje lisazame?"

ANachisale adaponya chitsononkho pansi. "Mwambo safunsa, amangochita. Tidachita, taona mimba yakoyo. Si umboni umenewo? Ukufunanso chiyani?"

"Ndiye akakumba pomwepo, dzenje lofika kumwala, ine ndi uyu ndili nayeyu zititha bwanji?"

"Kusazama kwa dzenje ndi kwa tsiku loika. Za makina makolo sadanenepo kanthu." Adamuyang'ana m'maso. "Mudzi wonse ukumwa matope. Ukufuna ndikaime pagulu, ndiwauze kuti mwana amene ndidamuchotsa pabere la mtembo wakaniza anthu madzi? Ndipo ukakamuuza mwamuna wakoyo, chimene chidzagwe usadzaloze ine."

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Elufe adaona kuti njira zonse ziwiri zathera pamalo amodzi: akakhala chete dzenje lizama, akayankhula mwamuna adziwa malo.

Usiku umenewo kudambo kudamveka kaphokoso. Sikadali kulira ayi. Kadali ngati mwana wa mbuzi akuyamwa chala cha munthu, tsu, tsu, tsu, n'kupumira, n'kuyambanso. Filimoni adati ndi achule n'kutembenukira kukhoma. Elufe sadafune kufunsa kuti achule ake ati, mu Okutobala, dambo litang'ambika chotero.

M'mawa Filimoni atamasula thumba la zikhomo zachitsulo limene lidagona pakhonde, chimodzi padalibe. Adachipeza patsinde pa katope, chitagona pansi, kumutu kwake kuli konyowa ndi zonanda ngati dovu. Adati ndi agalu. Koma agalu a m'mudzimo adali atayamba kale kulambalala mtengowo, ndipo mbuzi, zimene masana onse zinkagona pamthunzi wake, tsopano zinkaima padzuwa, zikupuma wefuwefu, mitu itayang'ana komweko.

Elufe adayesa nzeru zake. Kutangoyera kum'mawa adatenga mtengo wautali wothyolera mango, adaima patali, n'kugwetsa chikhomo chofiira chija, kuchikoka, kukachikhoma kuseri kwa chulu. Adati mwina okumba akabwera adzangotsata chikhomo. Pobwera kotola nkhuni adachipeza chabwerera pamalo pake. Chidali chopendekeka, chongolowa kansonga kokha, ngati wochikhomayo adalibe mphamvu m'manja. Kuchokera kuchulu kufika pamtengo padali kanjira kosalala m'fumbi, kopanda mapazi.

Sabata yomweyo akazi pobwera kumtsinje adakumana ndi mayi wachilendo, wobereka nsalu kumbuyo koma m'nsalumo mulibe mwana. Adawafunsa njira ya kumjigo. Adamuuza kuti mjigowo sunakumbidwe. Iye adati, "Ndidikira," n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu. Atacheuka sadamuonenso. Akaziwo adaikamba nkhaniyi kamodzi, aNachisale n'kuwakalipira kuti dzuwa lawalowa m'mutu, ndipo sidakambidwenso.

Elufe adayamba kudandaulira mwamuna wake ndi zifukwa zina. Adati dzinja pamenepo pamakhala matope, adati n'kutali ndi sukulu, adati mizu ya mtengo idzaphwanya simenti. Filimoni adamumvera chisoni, adaitananso a Kaphwiti, n'kuyeza mudzi wonse kachiwiri. Konse kudali gwa. Atabwerera pakatope, Filimoni adayang'ana kabokosi nthawi yaitali.

"Bwana, madzi akwera. Ayandikira kuposa tsiku lija."

"Mu Okutobala madzi sakwera. Waya wako watha."

"Ndasintha waya."

Elufe adali ataima padzuwa pake paja, ndipo ngakhale sadapite patali ndi sukulu, adaona zimene amuna awiriwo ankaona. Manambala a pakabokosi sankakhazikika. Ankakwera pang'ono, kutsika pang'ono, kukwera, kutsika, mosafulumira, mmene chimachitira chifuwa cha munthu wogona.

A Kaphwiti adatambasula dzanja n'kuzimitsa kabokosiko. "Izi kusukulu timati phokoso. Zimene sizikugwirizana ndi chithunzi timafafaniza. Lemba za tsiku loyamba zija."

"Nambala sinama, bwana. Ngati yasintha ndiye kuti chilipo chasintha."

"Chilipo, chilipo. Kaya chilipo kaya palibe, galimoto ibwera Lachitatu."

Idabweradi, Lachitatu madzulo, chigalimoto chachikulu chonyamula mapaipi ndi nsanja yachitsulo, mudzi wonse ukuchilondola pambuyo. Elufe adadikira mwamuna wake kuseri kwa nyumba, kumene ankasamba m'manja. Adasankha.

"AMbewe, paja mwakhoma chikhomopo ndi pamene tidagoneka uja."

Filimoni adapitiriza kupukuta m'manja ndi kansanza, chala chimodzichimodzi.

"Uja ndani?"

"Mukudziwa."

"Sindikudziwa. Tsiku lija ndidathamanga panjinga yamoto kuchoka kuntchito, ndidafika pano ndili matope okhaokha. Ndidapempha kuti ndimuone mwana wanga, nkhope yokha. Mayi ako adandiyankha chiyani?"

Elufe adayang'ana pansi.

"Nena, Namwale."

"Adati panalibe mwana."

"Ndidakalira kuseri kwa bafa. Adandipeza, adandiseka, amvekere bambo wamkulu kulirira madzi otayika. Iwe udali m'nyumba, udamva, sudatuluke. Chabwino, ndidavomera, panalibe mwana. Lero galimoto yafika, mudzi wonse maso ali pa ine, ndi pamene mwana wapezeka?"

"Dzenje likazama, uyu ndili nayeyu sabadwa. Chonde, aMbewe."

"Pamenepo ndayeza kangapo. Pamwamba pali dothi, basi. Chikadakhalapo china chikadaoneka."

"A Kaphwiti aja ati kabokosiko sikaona."

"A Kaphwiti adakalamba, sakhulupirira ngakhale dzina lawo lomwe." Adaponya kansanza padenga la bafa, mawu ake n'kufewa. "Mimba imasungidwa ndi magazi ndi chakudya, si kuzama kwa dzenje. Mwanayu adzabadwira pamadzi abwino. Udzandithokoza."

Adanena ndi mtima wabwino mawu omalizawo, ndipo ndi amene adamupweteka Elufe kuposa onse.

Kutacha adaimika nsanja pamwamba penipeni pa chikhomo chofiira. Elufe adakhala pakhonde, manja onse pamimba. Nsonga yachitsulo, imene imaswa mwala ngati chigumu, idalowa m'dothi lofewa kufika m'chigongono, n'kuima. Injini idabangula, galimoto yonse idanjenjemera, chitsulo osayenda. Woyendetsa makina adayang'ana a Kaphwiti.

"Ndi muzu. Onjeza mphamvu."

Adaonjeza. Padamveka kamawu kamodzi, kakafupi, kowonda. Ena adati ndi lamba wa injini. Amayi amene adaapita kudambo dzinja la dzana lija adangokoka mipango yawo. Chitsulo chidalowa.

Tsiku lonse kudali fumbi, lofiira, kenaka lotuwa, kenaka loyera. Filimoni ankatapa fumbilo m'manja n'kumaonetsa anthu. "Dothi latha. Uwu ndi mwala wowola uja. Mng'alu uli pafupi." Zonse zidabwera mwa ndondomeko yomwe adajambula, palibe chimene chidaphonya. Dzuwa likupendeka madzi adaphulika m'mwamba kupitirira mtengo wa katope, anthu n'kuthamangira pansi pake ndi zovala zomwe. Adali oyera mbee, okoma, koma ofunda ngati asungidwa m'kamwa. Palibe adadandaula. Nthungululu zidamveka mpaka kumsewu. ANachisale adavina atagwira dzanja la mkamwini wawo, akufuula kuti, "AMbewe! Mwana wanga aMbewe!" Filimoni adagwetsa misozi pagulu osachita manyazi.

Elufe adadikira magazi. Sadabwere. Adadikira ululu, sudabwere. Adangomva ngati chitseko chatsekedwa pang'onopang'ono chapansi pa mchombo.

Mvula idagwa, chimanga chidamera, chidamasula. Mimba ya Elufe sidakule, sidaphwe. Idangokhala mmene idaliri tsiku lokumba lija. Akazi amene adaima naye pamodzi adachira, ana awo n'kutuluka m'chikuta, iye chitenje chili pomwe paja. Filimoni adamutengera kuchipatala cha kutauni kokaunika. Namwino adamupaka mafuta ozizira pamimba, adayendetsa kachida kake uku ndi uku, adaitana mnzake, onse awiri n'kuyang'anitsitsa pagalasi.

"Mayi, mulibe kanthu umu. Nthawi zina thupi limanamiza munthu akafunitsitsa mwana."

"Koma akugunda," adatero Elufe. "Pompano akugunda. AMbewe, tagwirani."

Adagwira dzanja la mwamuna wake n'kuliika pamimba. Kanthuko kadagunda, kamodzi, kolimba, moti chikhatho cha Filimoni chidadumpha. Elufe adamuona m'maso kuti wamva. Filimoni adachotsa dzanja lake, adayang'ana pagalasi pamene padali mdima wotuwa wopanda kanthu, adayang'ananso dzanja lakelo ngati si lake.

"Ndi mpweya," adatero.

Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Pasanapite nthawi Filimoni adapempha kuti amutumize kokumba mijigo kumpoto. Adatenga kachikwama kamodzi, adati abwera mwezi ukatha, ndipo mwezi wakewo sunathebe. ANachisale adafunsa Elufe funso limodzi lokha, ngati adamuuza malo aja. Elufe atavomera, iwo adawomba m'manja kamodzi. "Ndiye wadzipha wekha. Mjigo ulibe mlandu." Adauza mudzi wonse chomwecho, ndipo mudzi udavomera msanga, chifukwa madzi adali okoma.

Chilimwe chitabweranso mjigo udayamba makani. Chogwirira chake chidalemera, moti akazi awiri ankachikanikiza pamodzi. Ukachisiya m'mwamba chinkatsika chokha pang'onopang'ono ngati wina akukoka pansipo. Kukamwa kwa mjigo, kumene kumatulukira madzi, kudayamba kumveka kaphokoso kaja, tsu, tsu, tsu, masana dzuwa likuswa mtengo. Ukaikapo chikhatho, mpweya unkachikokera m'kati. Kenaka madzi adaleka.

Adaitana a Kaphwiti. Adabwera ndi anthu awo, adazula ndodo zonse zachitsulo, adasintha malabala, adatsitsa chingwe choyezera. Madzi adaalimo, ambiri, pafupi. Adabwezera zonse, adapopa mpaka thukuta. Dontho silidatuluke. Adati agona kumsika, ayesanso mawa.

Masiku omwewo mabere a Elufe adatupa. Mkaka unkatuluka wokha, kunyowetsa bulauzi, iye n'kumabisa ndi chitenje chachiwiri. M'mawa wa tsiku lotsatiralo adali pamzere wa ndowa ndi akazi anzake, onse akudikira mwina mjigo usintha maganizo. Kaphokoso kaja kadayamba. Mayi aliyense amadziwa zimene thupi limachita mwana akalira ndi njala. Elufe sadaganize. Mapazi ake adaponda pamalo amene sadapondepo chiikireni, adagwada pasimenti, adamasula bulauzi n'kufinyira mkaka kukamwa kwa mjigo. Madontho sadagwe pansi. Adakwera.

Kaphokoso kadaleka. Chogwirira chidapepuka m'manja mwa mkazi amene adachigwira, ndipo madzi adakhuthuka, oyera, ofunda, kudzaza ndowa zonse.

Aliyense adasenza ndowa yake.

Mawa lake mjigo udaumanso. Elufe sadatuluke m'nyumba. ANachisale adalowa osaodira, adamugwira pamkono n'kumukoka mpaka pakatope, pamene padali akazi a mudzi wonse ndi a Kaphwiti, atamva kale zadzulo. Elufe adadzimasula n'kuima pamaso pa bamboyo.

"Bwana, inu mudaphunzira mpaka kunja. Ndiuzeni chili pansipa. Ngati ndi mwana wanga, zulani mapaipi anuwa, mukwirire, agone, mwina uyu ali m'mimbayu angabadwe. Ngati palibe kanthu, auzeni anthuwa kuti palibe kanthu, andisiye."

A Kaphwiti adavula chipewa, adakanda imvi zawo. Sadali munthu woipa mtima ayi, adangokhala munthu amene adasiya kufunsa.

"Mlamu, ndikati chilipo ndinama, sindinachione. Ndikati palibe ndinamanso. Mapaipi ali bwino, madzi alimo. Chimene ndikudziwa n'chakuti dzulo mudachita kanthu, madzi adatuluka. Tayesaninso tione."

Adayesanso. Kufinya kokha sikudakwane tsiku limenelo. Kaphokoso kadapitirira mpaka Elufe adaika bere lenilenilo pachitsulo. Madzi adatuluka. A Kaphwiti adagwedeza mutu ngati munthu amene samu yamutuluka, adauza akazi kuti asasinthe kalikonse, adakwera galimoto yawo n'kumapita.

Kuyambira pamenepo idakhala ntchito ya Elufe, m'mawa uliwonse. Sadamulipire, sadamuthokoze, ndipo ntchitoyo idalibe dzina. Ankangoti, "Namwale wafika kumjigo?" Anthu adalima madimba a tomato ndi mpiru kumunsi kwa mjigo. A midzi ina adayamba kudzatunga. Elufe adaonda mpaka mafupa a m'khosi kuoneka, mimba yokha ili chomwecho, ikugunda. Amalume ake a ku Dowa atamva adatumiza mawu oti apite akakhale kwawo, akaonane ndi madokotala ena, mwina mimbayo ingamasuke akatalikira dambolo. ANachisale adabweza wamthengayo asanakhale n'komwe pansi.

Tsiku lina Elufe adamanga kamtolo ka zovala n'kutuluka kusanayere bwino. Adadutsa kuseri kwa tchalitchi, adadutsa bwalo la mpira, adafika pamsewu wafumbi wopita ku Mponela. Adayenda mpaka dzuwa lidatuluka, bulauzi itanyowa, m'mimba mukugunda ngati wina akumenya chitseko. Atacheuka adaona akazi a mudzi wake akubwera pambuyo. Sankathamanga. Ankangoyenda mondondozana, aliyense ndowa yopanda kanthu pamutu, ena ana kumbuyo. Adali anthu amene adavinidwa nawo chinamwali, amene adawathandiza kusinja, amene adawachezera pa matenda.

Adamupeza ataima. Palibe adamukalipira. Mnzake wa pamtima, Dorofe, adamulanda kamtolo kaja mwaulemu n'kukaika m'ndowa yake.

"Tiye, Namwale. Ana athu sadamwe kanthu chidzukireni."

"Nanga wanga, Dorofe? Abadwa liti wanga?"

Dorofe adayang'ana kumbali. "Tiye, dzuwa likukwera."

Adamuika pakati, n'kubwerera naye. Pakatope adapeza aNachisale atakhala pandowa yovundikira, akudikira. Kaphokoso kaja tsiku limenelo kankamveka kuchokera kumsewu. Elufe adagwada pasimenti, adamasula bulauzi, adaika bere pachitsulo. Kukokako kudayamba, kwaukali, kwa njala ya m'mawa wonse. Mwadzidzidzi adakuwa, n'kudzichotsa. Pabere padali timabala tiwiri tating'ono, toyandikana, tikuchucha magazi.

Akazi adabwerera m'mbuyo. ANachisale adadzuka, adawerama, adayang'anitsitsa timabalato. Adapukuta magaziwo ndi nsonga ya chitenje chawo, adagwira Elufe pakhosi n'kumubwezera pachitsulo.

"Pirira," adatero. "Onse amaluma akamamera mano. Dorofe, popa."